Mwana wa a Dyna pa kachilumba ka Bua

A Dyna ndi mayi wa kudimba. Chibwerere ku ukwati kuno kwa Kapondo, moyo wawo ndi khasu, ndowa ndi matope a m'mbali mwa Bua. Amalima tomato ndi mpiru, amuna awo a Kefasi n'kumakagulitsa pa njinga. Mwana wamoyo alibe. Mmodzi yekhayo amene Mulungu anawapatsa anabadwa osalira.

Mwana wotere kuno timati nthayo. Saimbirwa nyimbo, bambo sapitako, amakaika azimayi okhaokha, ndipo mayi wake amamuletsa kulira, ati mimba ingatseke. A Dyna anangomva kuti anakamuika pa kachilumba ka pakati pa mtsinje, moyang'anana ndi dimba lawo. Malo enieniwo sanawauze. Zaka zonsezi akhala akuthirira mbewu maso ali komweko, koma kuwoloka okha ankaopa pakamwa pa anthu.

Ndiye chilimwe chathachi akwaya anapangana zokajambula vidiyo pa kachilumbapo, ati ndi pokongola. A Dyna kuimba satha, tisaname, koma tsikulo anabwereka yunifomu n'kulowa pamzere. Nkhani inali yakuti alamu awo a Esitele, amene analipo poika mwanayo, ali m'kwayamo. Mumtima a Dyna anati lero andilozera basi.

Anawoloka madzi akulekeza m'maondo, nsapato zili kumanja. Kukongola kokha, Ambuye analenga. Miyala yosalala yoti n'kugonapo, mikuyu ikungogwetsa nkhuyu, akakowa ali mbuu m'bango. Wojambula, Rodrick wa kuboma, ankangothamanga uku ndi uku.

"Amayi akumapetowo, pansipo mwataya chiyani? Tasekani!" anakuwa akuloza a Dyna.

"Asiyeni, akusaka nkhuyu, sanadye," anatero wina, anthu n'kuseka.

Anavina pamiyala, anavina pansi pa mkuyu, n'kutsikira pamchenga. Paliponse mapazi akagunda, a Dyna mumtima ankangoti kodi si pano? Mapeto ake anayamba kupondera zala zokha.

Pa nthawi yopuma anawakokera a Esitele kuseri kwa bango.

"Alamu, ndilozereni mwana wanga."

"Iii, a Dyna, zimenezo safunsa. Mukufuna anthu azitinena?"

"Anene. Ndinamvera, sindinalire, koma mimbayo inatsekabe. Ndingogwada, ndinene Atate Athu, basi."

A Esitele anawagwira dzanja n'kupita nawo kumtunda kwa chilumba, kumene nthaka inagumuka, mizu ili lende. Analoza pamadzi, chapatali ndithu ndi pamene anaima.

"Apo panali mtengo wa katope. Tinamuika patsinde pake. Madzi a chaka chija anatenga zonse, ndi mtengo womwe."

"Ndiye inu mumadziwa, n'kumangondionerera ndikuyang'ana kuno?"

"Ndikanayamba bwanji, alamu?"

A Dyna anatsetsereka pa chigumulapo n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno, yunifomu ya eni ake ikunyowa. Pogwada panalibe. Anapinda manja chiimire, n'kuyamba pempherolo.

Kuseri kuja sipika inayambanso kulira, Rodrick akukuwa kuti pamzere pakusowa anthu awiri. A Esitele anaima pang'ono, anapukuta m'maso ndi chitenje, n'kubwerera kukavina. A Dyna anatsala m'madzimo.