Zonse Zimathera pa Wanu

Anabwera m'mawa, Lachiwiri, mwezi wa Okutobala. Ndinali pamalo anga a ntchito ku Masala, mu Ndola, ndikuwotcherera geti la munthu. Anali awiri, osavala yunifomu. Wamtaliyo anazimitsa yekha makina anga.

"Tiyeni kupolisi, mudala. Mafunso ochepa chabe. Chamasana mukadyera kwanu."

Ndinakoleka magalasi anga owotcherera pagetipo. Ndinkati ndibwera kudzamaliza.

Nkhani yake inali iyi. Ku Kawama, kumene ndimakhala, mipope inauma. Anthu anakonza msonkhano wodandaula za madzi, nandipempha kuti ndiwapangire chitsulo choimikapo zokuzira mawu. Ndinapanga. Kumsonkhanoko sindinapite. Utabalalitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi, galimoto ina inapsa. Wina ananena kuti chitsulo chija n'changa. Anandilembera mlandu wotentha galimoto, nati belo palibe.

Sukulu ndinalekezera Giredi 7. Sindidziwa kukometsa nkhani. Ndilemba zimene ndinaona.

M'selo ya oyembekezera milandu tinkagona cham'mbali. Wina akafuna kutembenuka, kapitawo wa selo ankafuula, tonse n'kutembenukira pamodzi. Wobwera kumene ankagona pafupi ndi chidebe chodzithandiziramo. Pamenepo ndi pamene ndinapeza mkulu wina wa imvi, wa magalasi omanga ndi ulusi. Anali wakale m'selomo, koma malo ake abwino anapatsa wodwala chifuwa. Onse ankamutchula ba Ticha. Anaphunzitsa masamu kusekondale ku Kitwe mpaka kupuma. Tsiku lina anaimba foni kuwailesi, nanena zimene ankaganiza. Anamumanga. Mvula inali itagwa kale n'kutha ali momwemo.

Kukhoti ankatinyamula pa kasalanga, lole ya akaidi. Ulendo woyamba, woweruza anapita kumsonkhano. Wachiwiri, mboni sinabwere. Wachitatu, kasalanga analibe mafuta. Ukafunsa woyang'anira ndende kuti mlandu ulowa liti, yankho linali limodzi: "Mailo." Kuno, m'Chibemba, mawu amenewo amatanthauza mawa. Amatanthauzanso dzulo.

Mu Disembala tinabwerera kukhoti osaona ngakhale nkhope ya woweruza. Nditalowa m'selo ndinamenya khoma ndi chibakera. Khungu linasupuka.

"A Weluda," anatero ba Ticha, "khomalo silinalakwe. Tchulani nambala."

"Sindifuna masewera."

"Iliyonse. Yaing'ono."

"6."

Anatenga kachidutswa ka sopo nalemba pakhoma. "Lamulo ndi ili. Ikagawika pawiri popanda chotsala, igaweni. Ikakana, ichulukitseni katatu, muwonjezepo wanu, nambala 1. Yambani."

Ndinayamba mwaulesi. 6 inakhala 3. 3 inakana, inakhala 10. Kenako 5, 16, 8, 4, 2. Kenako wanu.

"Yafika kwawo," anatero. "Ina."

Ndinatchula 7. Inakwera mpaka 52, inatsika, inakweranso pang'ono, inafika pa wanu. Ndinayesa ina, ndi inanso. Sopo anatha. Dzanja ndinaliiwala.

"Ndiye nambala iliyonse imafika pa wanu?"

"Zonse zimene anthu anayesapo."

"Ndiye zonse."

"Ayi. Zimene anayesapo."

"Kusiyana kwake n'chiyani, ba Ticha?"

"Tchulani nambala yaikulu kuposa zonse."

Ndinatchula mamiliyoni.

"Wonjezanipo wanu. Mwaona? Yaposedwa. Nambala zilibe yomaliza. Makompyuta ayesa zochuluka zoti inu simungaziwerenge mpaka kufa. Zonse zinafika pa wanu. Koma zotsala n'zochuluka monga mmene zinalili asanayambe. Mwina kutali uko kuli imodzi imene imangokwera osabwerera. Kapena imangozungulira. Palibe akudziwa."

"Ngakhale azungu?"

Anaseka. "Ngakhale a ku China."

Zinandinyansa. Ine ndikawotcherera geti ndimaligwedeza. Likalimba, lalimba. Ndinawauza choncho.

"Geti lili ndi pothera," anatero. "Mukhoza kuligwedeza lonse."

"Ndiye tikuvutikiranji?"

"Muli ndi kopita?"

Kutchalitchi ndinamva mawu akuti muyaya kuyambira ndili mwana. Ndinkaona ngati ndi nkhani ya kumwamba, ya nyimbo ndi zovala zoyera. Sindinkadziwa kuti muyaya ndi kuwonjezapo wanu basi, lero, mawa, mkuja, ndipo umanunkha chidebe.

Masamuwo anafalikira m'selo. Wina anayesa nambala ya mlandu wake. Inafika pa wanu Lachinayi, ndipo Lolemba anamutulutsa. Basi, aliyense anafuna sopo. Anthu osasamba ankalemba ndi sopo amene akazi awo anabweretsa. Khoma linadzaza nambala ndi mivi, yonse yoloza pansi, pa wanu. Yanga inafika msanga. Ndinakondwa ngati wopusa.

Ba Ticha sanakondwe. "Awa si maula. Nambala ya mlandu wanu ikhoza kufika, inu n'kutsala."

"Asiyeni anthu akhale ndi chogwira," ndinatero.

"Agwire china. Ine bodza sindinaphunzitsepo."

Nambala ya mlandu wawo anakana kuiyesa. Ndinaiyamba ine, pakona, iwo akuyang'ana kumbali. Inali yaitali. Inali ikukwerabe pamene kunabwera chipikisheni.

Linali Lachisanu, mu Febuluwale. Anatitulutsa tonse panja, natikhazika chonjuta padzuwa. Woyang'anira mmodzi analowa m'selo, natuluka akuthamanga. Anabwera akuluakulu. Anajambula khoma ndi foni. Kenako analamula kuti litsukidwe.

"Nani alembele ifi?" Ankafunsa kuti walemba ndani.

Ba Ticha anaimirira. Kapitawo analozanso ine, chifukwa dzanja langa ndi limene linachuluka pakhomapo.

Anatilowetsa m'zipinda zosiyana. Wondifunsa anali mnyamata wa malaya osita bwino. Anayamba m'Chibemba, koma atamva mmene ndikuyankhira anasintha.

"Kumudzi n'kuti, atate?"

"Ku Katete."

"Ndiye ndinu akwathu. Sitivutana." Anaika foni patebulo. "Mivi yonseyi ikuloza malo amodzi. Apa ndi pati?"

"Pa wanu, bwana."

"Wathu? Wathu ndani? Muli ndi munthu mkati muno?"

"Ayi, bwana. Wanu nambala."

"Eya. Nambala wanu. Mtsogoleri. Ndi ticha uja?"

"Ndi masamu chabe."

"Nanga izi?" Analoza. "Si nambala za milandu izi? Onse awa akupita kwa nambala wanu. Mukukonza chiyani? Kuthawa?"

Ndinapempha pepala kuti ndimuonetse. Anandipatsa kachidutswa. Ndinalemba 6, ndinaifikitsa pa wanu.

"Imeneyo munakonzeratu. Chitani yanga. 27."

Ndinayamba. 82, 41, 124, 62, 31, 94. Inkatsika pang'ono n'kukweranso. Inadutsa 200. Inadutsa 300. Ndinatembenuza pepala. Thukuta linkadontha pacholembera. Inadutsa 1,000 pepala likutha.

"Wanu wake ali kuti?"

"Afika, bwana. Pepala lina."

"Atate, ndinakupatsani ulemu."

Anaitana anzake awiri, natseka chitseko. Zimene zinachitika m'menemo sindilemba. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero.

Atatopa, anandikhazikanso pampando. Mnyamata uja anayankhula mofatsa. "Sainani kuti nambala wanu ndi ticha uja. Lolemba mukagona ku Kawama."

Ndinaganiza za amake ana. Ndinaganiza nthawi yaitali, sindibisa. Koma wanu ndi nambala. Ndinamuuza choncho kachiwirinso. Anatsekanso chitseko.

Madzulo anatibwezera m'selo. Ba Ticha analibe magalasi. Mlomo unali wotupa. Tinakhala moyang'ana khoma lotsukidwa.

"Anakupatsani nambala yanji?" anafunsa.

"27."

Anayamba kuseka, atagwira nthiti. "Mayo ine! Pa zing'onozing'ono zonse, anasankha yankhanza. Imeneyo imakwera kupitirira 9,000 isanatsike."

"Koma imafika?"

"Imafika."

"Bwanji simunandiuze kale?"

"Simunafunse."

Ndinafuna kuwamenya. Mkulu wovulala, koma ndinafuna kuwamenya. Ndinati, "Ba Ticha, masamu anu andiphera khutu. Ndilipireni ndi mawu amodzi. Nenani kuti tituluka."

"Ambiri amatuluka."

"Onse?"

"Onse amene ndawaona atuluka, anatuluka."

"Musandizunguze. Inu ndi ine. Tituluka?"

Anagwira mlomo wotupa uja. Kenako anati, "A Weluda, zaka zonse zija sindinachongepo mwana amene walemba yankho popanda kusonyeza njira. Ndikufuna kunena kuti inde. Njira yake ndilibe."

Sindinawayankhulenso mpaka Lamlungu.

Mu Malichi, m'mawa wa Lachitatu, anaitana dzina lawo. Anati atenge bulangete. Tinaganiza kuti akutuluka, ena anayamba kuwomba m'manja. Koma panja panali kasalanga. Ndinafunsa woyang'anira kuti akupita nawo kuti. Anati sizikundikhudza. Ba Ticha anandisiyira kachidutswa ka sopo. Sananene chilichonse chanzeru. Anangoti, "Muzisamba nako aka."

Ine ndinatuluka mu Juni, kukuzizira. Anandiimika m'khoti, munthu wa boma anawerenga mawu ochepa, woweruza anati ndizipita. Loya wina wachifundo anandigwira pakhomo. Anati imeneyi imatchedwa nole. Boma lasiya mlandu, koma silinanene kuti ndilibe mlandu. Likafuna, likhoza kudzanditenganso.

"Ndiye watha kapena sunathe?"

"Waima," anatero.

Ngakhale kumasulidwa kwanga kunalibe yankho.

Anandibwezera kundende kukatenga lamba ndi nsapato. Pageti panali amake ana, atafunda chitenje. Mlonda wa pageti anandikankhira kutsogolo.

"Mayi, ndi wanu uyu?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinali nditatha thupi, ndevu zitachita imvi.

"Wanga," anatero.

M'minibasi sitinayankhulane. Anakhala kumanzere kwanga. Pa Masala ndi pamene ndinazindikira kuti wakhala akuyankhula njira yonse.

Geti lija mwini wake anakalimalizitsa kwina. Magalasi anga sindinawapeze. Makina anasungidwa ndi mnzanga wa kutchalitchi. Ndinayambanso ntchito. Madzi ku Kawama amabwera masiku ena.

Anthu amandifunsa kuti ufulu ukukoma bwanji. Ndimatembenuka pabedi popanda wofuula, chimenecho n'chabwino. Koma galimoto yachilendo ikaima pafupi ndi malo anga, ndimazimitsa ndekha makina.

Ba Ticha ndinawafunafuna. Ndinapita ku Kitwe. M'nyumba imene ankachita lendi muli anthu ena. Kundende ya kumeneko anati ndifunse ku Ndola. Ku Ndola anati amene amadziwa zimenezo watuluka, ndibwere mailo. Ndinabwera. Anatinso mailo.

Nambala ya mlandu wawo ndinali nditaisunga m'mutu. Loweruka lina ntchito itachepa, ndinatenga choko chimene ndimalembera pazitsulo, ndi lata lakale. Ndinaiyambanso poyambira. Inakwera. Ndinalakwitsa pakati, ndinafufuta, ndinabwerera. Lata linadzaza, ndinatenga lina. Mnzanga wogulitsa matayala anabwera kudzaona.

"Mudala, mwayamba misala?"

"Chokani, mukunditchingira."

Dzuwa likupendeka inayamba kutsika. 40, 20, 10, 5, 16, 8, 4, 2.

Ndinalemba wanu. Ndinakhala pansi ndikumuyang'ana. Ndinkafuna kukondwa monga ndinakondwera ndi yanga ija. Sizinatheke. Mawu awo anali m'khutu langa, lakufa lomwelo: nambala ikhoza kufika, munthu n'kutsala.

Latalo sindinafufute. Lili kuseri kwa makina. Lolemba ndikupitanso kukafunsa.