Tsaya Limene Ankalimenya ndi Patapata

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndikukhala kwa amalume ku Chinsapo, m'mawa wina ndinadzuka pakamwa patapotokera kumanzere. Diso lakumanja silinkatseka. Tiyi ndikamwa, ankatsikira pa yunifolomu.

Akazi a amalume, a Nambewe, sanadabwe n'komwe. "Watsonya munthu wamkulu iweyo. Imeneyo ndi mbama ya mizimu."

Ine ndinali ndisanatsonyepo aliyense. Koma anavula patapata, kundigwira chibwano, n'kumamenya tsaya logwalo ati libwerere m'malo mwake. M'mawa uliwonse, pakhonde, anzanga opita kumpopi akuonerera. Mpaka lero fungo la labala wotentha ndi dzuwa ndimadana nalo.

Amalume ankayendetsa lole. Atabwerako ku ulendo n'kuona tsaya litatupa, ananditengera kuchipatala, kwa a mafizo, aja ophunzitsa minofu kugwiranso ntchito. Mayi wa kumeneko anandisisita nkhope ndi zala zofunda, n'kundikhazika pagalasi. Kufufumitsa masaya. Kukweza nsidze. Kuuzira madzi m'kapu ndi kapaipi mpaka achite thovu. Kusongola milomo ngati woimba likhweru.

"Katatu pa tsiku, mwanawe. Ukatopa uzisiya. Minofu sitiimenya, timainyengerera."

Ndinkachita kasanu, kuseri kwa bafa, ndi chidutswa cha galasi chimene ndinatola pa siteji ya minibasi. Musaganize kuti ndinkafuna kukongola. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: mlandu ndinaumenyedwera kale, ndiye ndiupalamule. Koma kutsonya kumafuna milomo yogwirana bwino, ndipo kwa miyezi itatu mpweya unkangothawira kumbali.

Tsiku lake linafika a Nambewe akuchapa ndi anzawo. "Iwe wokhota, tapatse sopo." Ndinawapatsa ndi manja awiri, mwaulemu. Kenako ndinawayang'ana m'maso, n'kutsonya, kutsonya kwautali, mpaka mayi wina anasiya kufinya chitenje. A Nambewe anandikwapula, inde. Ndinalira pakamwa pali chilunjikire.

Pano ndili ku Mgona, ndi mwana wanga Yamikani wa zaka zitatu. Milomo yake siitseka, dovu limangotuluka, mawu sakumveka. Ndimachita mantha, ndimamuyang'anitsitsa akamadya, akamagona, akamaseka. Lachiwiri lililonse ndimamubereka wa ku mafizo, kunyumba timauzira limodzi nthenga ya nkhuku patebulo.

Mwezi watha a Nambewe anabwera kudzationa, atakalamba. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. "Ameneyutu ndi wa masiku atatu okha, mutandisiyira." Maso awo anapita pakhomo, pamene anavula patapata.

Ndinatola onse awiri n'kuwaponya padenga. Anapita kusiteji opanda nsapato, dzuwa lili pamutu, ndipo sindinawaperekeze.

Ndazindikira tsopano kuti ine chinandiwongola pakamwa ndi chidani, ndipo sindinachitaye. Koma Yamikani aphunzira kuuzira nthenga popanda munthu woti azimusungira mkwiyo. Patapata aja akadali padenga.