Kapu ya Kansalu Kofiira

Kapu ija inali yachitsulo, yoyera, yogumuka pamlomo, ndipo pachogwirira pake amayi anamangapo kansalu kofiira kuti wina asalakwitse n'kumwera. Sinkakhala m'dengu pamodzi ndi zinzake ayi. Inali ndi msomali wakewake pakhonde la amalume, ndipo ankaitsuka payokha ndi madzi owira. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kapu imeneyo ndinkadana nayo ngati munthu.

Amalumewo anali achimwene awo a amayi. Mkazi analibe, ndiye ankakhala nafe kwathu kufupi ndi Mua, ndipo mwana wawo ndinali ine basi. Ndi iwo anandiphunzitsa kuimba mluzu, amayi akukalipa kuti mtsikana wa mluzu adzasowa womukwatira. "Musiyeni, akasowa ndidzamusunga ndine," ankatero. Loweruka lililonse ankandikweza pakaliyala wa njinga kukagula usipa ku Mtakataka, tonse awiri mluzu njira yonse.

Chaka chimenecho, mango adakali aawisi, mluzu wa amalume unayamba kuduka pakati pa nyimbo. Kenako kunabwera kachifuwa kouma, kosatha. Kachitunda komwe kale ankakwera ali pampando anayamba kutsika n'kumakankha njinga. Mudzi wonse unagamula kuti ndi chifuwa chachikulu, TB, ndipo amayi sanadikirenso za kuchipatala. Anamanga kansalu kaja n'kundiikira malamulo: osalowa m'chipinda chawo, osadya zotsala zawo, osapitirira pamtondo umene unkakhala pakati pa bwalo.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti nanenso ndikanachita zomwezo. Koma nthawi imeneyo ndinkawaona amayi ngati munthu wouma mtima. Ndikaweruka kusukulu ndinkagubuduza mtondo uja, n'kukhalapo padzuwa lowotcha la Okutobala, n'kumaimba mluzu. Amalume ankandiyankha ali pakhonde pogogoda kapu ija ndi supuni. Ndikayamba kulira, amayi ankati, "Pirira. TB ili ndi mankhwala. Miyezi ingapo chabe, mukweranso njinga yanuyo." Mawu amenewo ndinawasunga bwino.

Kuchipatala cha mishoni anayeza makhololo kawiri konse, osapezamo kanthu. Koma dziko la amalume linkangochepa. Misa anasiya kupita. Kenako kufika pamtengo wa mango wa kuseri kunasanduka ulendo, ndipo akafika ankagwira thunthu, mapewa akukwera ndi kutsika. Kugona chagada kunakanika, ankagona chokhala atatsamira thumba la chimanga. Lamba wawo anamuboola ndi msomali mabowo awiri atsopano. Tsiku lina kuchipatala anawachotsa madzi achikasu m'nthiti, odzaza botolo lalikulu, ndipo atabwerako anandiimbira mluzu theka la nyimbo ya kutchalitchi. Ndinavina pafumbi. Sipanathe masabata awiri, madzi aja anabwereramo.

Ndiye anawatumiza ku Lilongwe kukajambula chifuwa ndi kukayeza zina. Anapita ndi amayi, nabwera patatha masiku ndi kalata yachingerezi. Amayi anangoti sanamvetse bwino zimene adokotala ananena, mwina ankafuna kuti wina awauze kuti anamva molakwa. Anaitana aphunzitsi, amene nyumba yawo inali kutsidya kwa msewu. Aphunzitsiwo anawerenga chamumtima, nawerenganso kachiwiri, ine ndili pamtondo panga, makutu tcheru.

"Ku Zimbabwe kuja munkakumba chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

Amalume anayankha mopumira. Anati unali mwala wa ulusiulusi, asibesitosi, wopangira malata olemera aja a simenti. Ankatuluka mumgodi ali mbuu ngati agona m'chigayo, ndipo ankasekana ndi anzawo a pantchito. Zinali zaka makumi atatu zapitazo, amayi adakali kamtsikana.

Aphunzitsi anafotokoza motsitsa mawu kuti fumbi limenelo likalowa silituluka, limangokhala phee zaka zonsezo, kenako limadzutsa khansa m'chifuwa. Mawu akuti khansa anandidutsa, sindinkawadziwa. Amene ndinatola ine ndi otsatirawo: "Si TB ayi. Matendawa sapatsirana."

Ndinadumpha pamtondo paja n'kuthamangira pakhonde, ndipo palibe anandiletsa. Ndinawakumbatira amalume mpaka anabuula. Nthiti zawo ndinazimva zonse kudzera m'malaya, ndipo ankanunkhira mafuta opaka aja oyabwa m'maso. Anandisisita m'mutu nati, "Watalikatu mphwanga, masiku onsewa ndimangokuonera patali."

Amayi anatenga kapu ija n'kuyamba kumasula kansalu. Mfundo inali italimba ndi madzi a tsiku ndi tsiku, mpaka anachita kuiluma ndi mano, nkhope atayang'anitsa kukhoma. Anachedwa nayo kwambiri. Ine n'kumati, "Amayi, sekanitu, si TB." Masana omwewo ndinamwera thobwa m'kapu imeneyo, amalume pang'ono, ine pang'ono. Ndipo zimene zimandipweteka mpaka lero ndi zakuti ndinayenda nyumba ndi nyumba kulengeza kuti amalume apezeka alibe TB. Azimayi ankati, "Mulungu ngwabwino," ndipo madzulo anabwera kudzawayamikira amayi. Amayi anawayalira mphasa onsewo.

Masabata otsatirawo ndinali wosangalala, sindinama. Amalume ndinkawasendera mango, iwo n'kungonyambita kachidutswa. Ndinkawakupiza ndi chivundikiro cha mphika, chifukwa ankati mphepo ikamawomba kumaso mpweya umalowako. Mawu anachepa, kenako anatsala ogogoda ndi supuni aja, ngakhale ndinali nditakhala pambali pawo. Anatisiya chimanga chisanamasule ngayaye.

Koma ndikakumbukira nyengo imeneyo, maliro sabwera msanga. Chimabwera ndi m'mawa wotsatira tsiku la kalata lija. Ndinatulutsa njinga, ndinaipukuta fumbi, n'kuyamba kupopa matayala, thukuta kamukamu, kuti Loweruka lidzatipeze tili okonzeka. Amalume ankandiyang'ana ali pakhonde. "Popa ndithu, ilimbe," anatero. Amayi anaima pakhomo, kolona ali m'manja. Ine ndinkaganiza kuti akuthokoza Mulungu poyankha pemphero lawo. Sindinkadziwa kuti miyezi yonse ija, pamene ine ndinkaitemberera kapu ija, amayi ankapempha kuti matendawo akhale TB.