Kuthamangitsa ola limodzi pa msewu wa ku Chalimbana

Ine kuthamanga sindinkakukonda. Ndinalowamo chifukwa ndinali ndi njinga, basi.

Tinkaphunzitsa pa pulayimale ina pafupi ndi Chalimbana, ine giredi folo, mnzanga wina giredi seveni. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, ndiye ndinkamuitana kuti ba sisi. Nyumba zathu zinali zoyandikana, mpanda wa udzu ndi umodzi. Mwamuna wake anali atamwalira, ndipo ankakhala ndi ana awiri. Chaka chija cha chilala, chimene tinadya ufa wa chimanga chachikasu, mutu unayamba kumuvuta. Kuchipatala anamuuza kuti magazi akuthamanga, achepetse mchere ndipo aziyendayenda. Iye anakumbuka kuti ali ku sekondale ankathamanga, ndiye anati kuyenda n'kwa nkhalamba.

Tsiku lina tikuyanika zovala anandiuza za pamtima pake.

"Iwe, uli na njinga. Uzinikonkha kumbuyo na manzi. Neka niopa."

"Ba sisi, anthu azakamba chani?"

"Akamba kale. Manje tiwapaseko zatsopano."

Tinkanyamuka kukungoyera. Iye patsogolo, atamanga chitenje chachifupi pamwamba pa kabudula wa malemu mwamuna wake, ine pambuyo ndikupalasa pang'onopang'ono, chigubu cha madzi nditachimanga ndi mphira pakaliyala. Kupalasa njinga pa liwiro la munthu wotopa n'kovuta kuposa mmene anthu amaganizira. Njinga imapepesuka, ndipo manja amachita dzanzi. Tinkadutsa m'minda youma ija mpaka pa kamlatho, n'kubwerera. Azimayi opita kukatunga madzi ankaima n'kutiyang'ana. Mdala wina wa ngolo ya ng'ombe ankafunsa funso lomwelomwelo tsiku lililonse: "Ba madamu, muthawa ndani?" Ife tinkangopitirira.

Patapita miyezi, ba sisi anamva pa wailesi kuti kampani ina yakonza mpikisano wa makilomita khumi ku Lusaka, aliyense wofuna alowe. Tinakwera minibasi Loweruka m'mawa. Ine ndinaima pothera mpikisano, nditanyamula juzi yake ndi malalanje awiri. Anyamata a ku usilikali ndi apolisi anafika kalekale, n'kumwa madzi, n'kuyamba kucheza ngati sanachite kanthu. Ine maso kunjira. Ba sisi anatulukira anthu atayamba kale kubalalika, kumbuyo kwa mzungu wina wa imvi. Atangodutsa mzere anasanza m'ngalande, kenako anakhala pansi n'kuyamba kuseka. Anamupatsa sikipa yaikulu ngati thumba la feteleza. Anaivala kusukulu Lolemba mkati mwa jekete.

Mvula itabwerera chaka chotsatira, bambo a kunyumba anatenga njinga ija kuti aziyendera kumunda kwathu ku Nkomeshya. Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma m'mawa mwake ba sisi anagogoda pazenera monga mwa masiku onse.

"Njinga kulibe," ndinatero ndili m'bulangete.

"Mendo aliko?"

Tsiku limenelo sindinafike n'komwe pa chigayo cha panjira ya ku kamlatho. M'nthiti munandibaya ngati mwalowa singano, ndipo ndinakhala pachulu n'kumulola apite yekha. Ndinalumbira kuti sindidzabwerezanso. Koma kumukana munthu amene mumabwerekana naye mchere n'kovuta. Sabata inatha, mwezi unatha, ndinafika pa chigayo, kenako pa kamlatho. Sindikumbuka tsiku limene ndinayamba kusangalala nako. Mwina silinakhalepo. Chimene ndikukumbuka n'chakuti thupi linasiya kukana.

Mpikisano wanga woyamba, wa makilomita khumi, tinathamanga limodzi phewa ndi phewa, ndipo tinamaliza limodzi. Iye anayang'ana wotchi yake nati tatenga ola limodzi ndi mphindi khumi ndi imodzi. Ndinamufunsa ngati imeneyo ndi nthawi yabwino. Anati nthawi yabwino ndi imene wafika uli moyo. Koma pafupi nafe panali mayi wina wa m'tauni, wa nsapato zoyera zokhuthala pansi, amene ankauza anzake kuti iye watsika pansi pa ola. Anzakewo anamukumbatira. Ndinamuyang'ana bwinobwino mayiyo. Sanali wamng'ono kwa ine, ndipo miyendo yake sinkaoneka kuti inagwirapo ntchito ya kumunda.

Mwezi womwewo ndinagula wotchi yakuda ya manambala pa salaula, msika wa kaunjika, ku Chongwe. Mavuto anga anayambira pamenepo.

Ndinkabwera ndi choko kuchokera kusukulu n'kumalemba nthawi zanga kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Ola ndi mphindi zisanu ndi zitatu. Ola ndi zisanu ndi imodzi. Nthawi ikakwera m'malo motsika, tsiku lonse linkandiipira, ndipo ana a giredi folo ankadziwa kuti lero madamu asawayandikire. Ndinayamba kuthamanganso madzulo ndekha, ba sisi osadziwa. Loweruka ndinkapita kutali, mpaka kukafika pa msewu waukulu wa tala, kumene malole opita ku Chipata ankandiwaza fumbi ndi utsi.

Ntchito zina sizinachepe chifukwa choti ine ndayamba kuthamanga. Ndikabwerako ndinkayatsa mbaula, kusambitsa wamng'ono, kusita, n'kuthamangiranso ku kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo. Masana kuchonga mabuku, madzulo kuphika, nyengo ya dzinja kupalira. Zikhadabo ziwiri za kumapazi zinada n'kuthothoka. Lamlungu lina ndinagona pa Misa, mutu n'kugwera pa phewa la mayi wa m'kwaya, ndipo anandidzutsa ndi chigongono nthawi ya chopereka. Bambo a kunyumba sanali munthu wolankhula zambiri. Anangondifunsa kamodzi, akuyang'ana manambala aja kuseri kwa chitseko.

"Amake mwana, mukafika pamene mufuna, muzapeza chani?"

Ndinawayankha mokalipa kuti iwo sangamvetse.

Nthawi yomwe ine ndinkapita patsogolo, ba sisi anayamba kubwerera m'mbuyo. Poyamba chinali chifuwa chosatha. Kenako sikipa ija inayamba kumukulira kuposa kale. Ankati ndi malungo. Zaka zimenezo tinkaika maliro pafupipafupi, aphunzitsi, madalaivala, anamwino, ndipo matenda ake sitinkawatchula dzina. Ine ndinkaona, koma ndinkachita ngati sindikuona. M'mawa tikamathamanga ndinkafupikitsa mapazi kuti tikhale limodzi, mtima uli pa wotchi, ndipo ndikuvomera kuti nthawi zina ndinkamukwiyira chamumtima.

Nyengo yozizira itafika kunali mpikisano wina ku Lusaka. Ndinamuuza kuti apume ulendo uno. Anakana. Tinanyamuka limodzi, ndipo theka loyamba anayesetsa ndithu. Nditayang'ana wotchi pa chikwangwani cha makilomita asanu ndi limodzi, ndinaona kuti ndikalimbikira pang'ono ola lija ndilithyola. Pomwepo ndinamva mpweya wake ukulira ngati chitseko cha dzimbiri. Anandigwira pamkono.

"Niyembekezeko pang'ono."

Ndinamumva bwinobwino. Sindinganame kuti phokoso la magalimoto linandisokoneza. Ndinayang'ananso wotchi, ndinati, "Muzanipeza kutsogolo, ba sisi," n'kuchotsa mkono wanga.

Ndinamaliza ola lisanakwane, kutatsala masekondi ochepa. Palibe amene anandikumbatira. Ndinaima pamzere paja ndikuyang'ana kunjira, ndipo anthu anapitirira kufika, okalamba, onenepa, ena akuyenda. Iye sanatulukire. Anabwera ndi galimoto yotola otsalira, atakhala kumbuyo pamodzi ndi mabenchi ndi zigubu zopanda madzi. Ndinamuthandiza kutsika. Anali wopepuka moti ndinachita mantha.

M'minibasi pobwerera anandifunsa nthawi yanga. Ndinamuuza motsitsa mawu.

"Wachita bwino," anatero. Kenako anatsamira phewa langa n'kugona mpaka pa Chongwe.

Sanathamangenso. Temu yotsatira analephera kuimirira pa bolodi, ndipo abale ake anabwera kudzamutenga kupita naye kumudzi ku Bundabunda, iye ndi ana. Ndinapitako kawiri kokha. Ndikanatha kupita kambiri, koma tsiku lopezeka linali Loweruka, ndipo Loweruka linali la mtunda wautali. Ndinkadziuza kuti ndipita sabata ya mawa.

Ulendo wachiwiri ndinamupeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mayi ake akumuingitsira ntchentche ndi kansalu. Ndinamubweretsera shuga ndi mabanzi. Anadya kachidutswa kuti andisangalatse. Mayi ake atalowa m'nyumba ndinayamba kulankhula zimene ndinakonzekera njira yonse.

"Ba sisi, tsiku lija ku Lusaka, pamene munanigwira..."

"Iwe, leka."

"Ninalakwa."

Anayang'ana m'masamba a mango. Ndinkayembekezera kuti anena kuti palibe kanthu, kapena andikalipire. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

"Nenze na mantha chabe," anatero. "Nenze kuona monga nizagwa pakati pa anthu osaniziwa." Anatsokomola, n'kupukuta pakamwa. "Manje uli pa zingati?"

Ndinamuuza kuti mphindi makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Anagwedeza mutu ngati mmene ankachitira mwana wa giredi seveni akakhoza samu, ndipo anatseka maso. Ndinakhala naye mpaka dzuwa litapendeka, n'kunyamuka kuti ndisaphonye galimoto.

Anamwalira chimanga chili pa ngaiyaye. Uthenga unafika kusukulu mochedwa, ndipo tinapeza ataika kale.

Anthu ankaganiza kuti ndisiya. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma m'mawa ndinkangodzidzimuka nthawi yomweija, ndipo kugona chagada n'kumaganiza kunali kowawa kuposa msewu. Ndinathamanga zaka zina zitatu. Ndinatsika mpaka mphindi makumi asanu ndi zinayi, ndipo pamenepo ndinakakamira ngati ngolo m'matope. Mpikisano uliwonse ndinkabwerako ndi nambala yomweyo kapena yoipirapo. Atsikana atsopano, ena ophunzira za uphunzitsi pa koleji, ankandipitirira akucheza. Ndinkakwera minibasi ndekha, kukhala pampando wakumbuyo mawondo atagunda mpando wa kutsogolo, ndipo pofika pa siteji ndinkatsika chammbali ngati nkhalamba.

Bondo lakumanzere ndi limene linathetsa nkhani. Linayamba kutupa madzulo alionse, lotentha ngati mbatata yootcha. Ndinalimanga ndi bandeji, ndinalithowa ndi madzi otentha, ndinapitiriza. Tsiku lina potsika pakhonde la kalasi linangopinda lokha, ndipo ndinagwa ana onse akuona, mabuku mbwee. Dokotala wa pachipatala cha mishoni analipinda uku ndi uku, n'kundifunsa zaka zanga ndi ntchito imene ndimagwira. Nditamuuza za kuthamanga anavula magalasi.

"Amayi, mukafuna kuyenda na mendo yanu mukakalamba, lekani."

Ndinayembekezera kuti ndimva chisoni. Ndinatuluka m'chipindamo, n'kukhala pa benchi ya odwala panja, ndipo chimene chinabwera chinali mpumulo, ngati munthu wanditula mtolo wa nkhuni umene ndinaiwala kuti ndausenza. Panafunika munthu wina wondiuza kuti basi, chifukwa ndekha sindikanatha.

Loweruka lotsatira ndinagona mpaka dzuwa linalowa pazenera n'kundiotcha kumaso. Mwana wanga wamkazi anasuzumira kawiri, kachitatu anabwera ndi tiyi n'kundifunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, ndatopa chabe. Ndinamwa tiyiyo nditakhala pabedi, mwendo nditausanjika pa pilo, kenako ndinagonanso mpaka masana.