Mawu anga m'kamwa mwa Matchaina

Atate atachotsedwa ntchito ku fakitale ya nsalu, sukulu yanga inathera pomwepo, mu giredi naini. Zinali zaka zija boma linatsegula zipata kwa katundu wakunja. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, anadzaza msika, mawailesi ndi mavidiyo ankalowa m'dziko tsiku ndi tsiku, koma amuna a ku Nangongwe, komboni yathu ya ku Kafue, ankangokhala pakhonde usana wonse, kopita kulibe. Ine kunyumba sindinkakhalako. Atate ankangoyang'ana khoma, ndipo aliyense wondiyankhula ndinkamuyankha mokalipa. Anzanga a kusukulu ndinali nditamenyana nawo pafupifupi onse.

Kuseri kwa msika kunali shedi ya malata ya bambo wina amene kale ankakonza magetsi ku fakitale ya feteleza. Tinkangowatchula kuti ba mudala. Atapumitsidwa ntchito anagula TV, madeki awiri a vidiyo ndi mabenchi. Matepi ankakawatenga ku Lusaka, mafilimu a nkhonya a ku China, ojambulidwa kuchokera ku matepi ena ojambulidwanso. Akafika nawo ankalumikiza madeki aja n'kujambula ena ogulitsa. Chithunzi chinkanjenjemera, nkhope za anthu zili zobiriwira. Chitchaina palibe ankachimva, ndipo timalemba ta Chingerezi ta m'munsi tinkakhala todukaduka.

Tsiku lina, ndili pa benchi ya kumbuyo, ndinatopa kuonera anthu akukangana osadziwa chimene akulimbirana. Mkulu wina wa ndevu zoyera wa m'filimumo atatsegula pakamwa, ndinafuula: "Ati, iwe mfana, ndani wadya kapenta wanga?" Shedi yonse inafa ndi kuseka. Ba mudala sanandithamangitse. M'mawa mwake anandipatsa maikolofoni ndi mpando pambali pa TV.

Filimu yatsopano ndinkayamba ndaionera ndekha m'mawa, chitseko chili chotseka, kuti ndidziwe wofa ndani, wobwezera ndani. Masana ndinkawapatsa mawu. Amonke a pa phiri ankayankhula Chinyanja cha ku Kafue. Mfumu yoipa inali manijala wochotsa anthu ntchito. Mnyamata wobwezera anali wa ku Nangongwe, wophunzira nkhonya kwa asodzi a kumtsinje. Ngakhale chenjezo lija lobwera poyamba, loletsa kujambula tepi kapena kuionetsa pagulu, ndinkalimasulira kuti, "Matchaina akuti mwalandiridwa, koma osalavula pansi." Nthabwala sindinkabwereza. Akalowa munthu wa chipewa chachilendo, chipewacho chinkalowa mu filimu.

Kwina konse anthu ankandipewa chifukwa cha ukali wanga. M'shedi muja mokha amuna a msinkhu wa atate ankatchera khutu kwa ine. Filimu ikatha ankatuluka osandipatsa n'komwe moni, koma ine zinkandikwanira.

Sindinaone tsiku limene ba mudala anawonjezera waya wina, wochoka ku maikolofoni yanga kupita ku deki yojambulira. Kuseri kwa TV mawaya anali ambiri. Ndinamva kwa kondakitala wa minibasi.

"Boi, dzulo nenze kukumvera ku Shimabala. Wasamukira kuja manje?"

Ndinathamangira ku shedi. Ba mudala ndinawapeza akumata timapepala pa matepi, pa chilichonse atalemba kuti "Ya Chinyanja".

"Ba mudala, mugulitsa mawu anga?"

"Khala pansi, mwaiche. Ukali wa chani m'mawa muno?"

"Simunanipemphe!"

"Maikolofoni ni ya ndani? Malaiti alipira ndani?"

"Koma mawu ni anga. Nkhani nipanga ine, m'mutu mwanga."

Anaseka, osasiya kumata. "Nanga uja wa ndevu amene alumpha pa mitengo, unamupempha iwe? Munthu anathyoka msana kwao ku China kuti iwe umuike kapenta m'kamwa. Chilolezo chake chili kuti? Tonse tidyera mu mbale ya Mutchaina, mwana wanga. Lero Mutchaina ndiwe, basi wayamba kulira."

Ndinanyamula benchi n'kuiponya. TV ndinaiphonya, benchi inakagunda malata. Ndinaponda matepi amene anali pansi mpaka riboni yakuda inandikulunga m'mapazi. Ba mudala sanadzuke pampando.

"Ponda chabe," anatero. "Matepi eni-eni ali kunyumba. Ndipo usakabwerenso kuno."

Ndinkadziuza kuti adzandiitana posachedwa, kuti anthu adzafunsa. Sanafunse. Mafilimu amene ndinawayankhulira anali ambiri, okwanira kumangowasinthasintha. Masiku amenewo ndinkatsata njanji ndekha mpaka ku mafakitale, kumene udzu unali utayamba kumera m'kati mwa mipanda, n'kubwerera. Nthawi zina ndinkaganiza za mkulu wa ndevu uja, kaya adakali moyo, kaya akudziwa kuti kuli tawuni ya m'mphepete mwa mtsinje kumene nkhope yake imadyetsa anthu amene sadzawaona. Chisoni sindinamumvere ayi. Ndinangoona kuti ndi munthu yekhayo amene akanamvetsa chimene chinali kundiwawa, ndipo tikanakumana sitikanamvana ngakhale moni.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Shimabala. Shedi ya kumeneko inali ya mapesi ndi masaka, TV ikuyendera batire ya motoka. Mawu anga ndinawamva ndidakali pamsewu. Ndinalowa n'kukhala kumbuyo, pakati pa alimi a repu ndi tomato, ndipo panalibe wondidziwa. Ankaseka pamalo pomwe ankaseka a ku Nangongwe. Kuseka kwa a ku Nangongwe nako kunali m'tepimo, pamodzi ndi chifuwa cha bambo wina amene ankakonda benchi ya kutsogolo.

Itafika ndewu ya pa mlatho, ndinamva kuti nthabwala imene ndinaikapo tsiku lija inali yofooka. Inandibwerera ina yoposa, ndipo ndinainena mokweza, osaganiza. Mayi wina wobereka mwana anatembenuka.

"Imwe, khalani chete. Tifuna kumvera uyu akamba."

"Ndine amene nikamba apo, amayi."

"Ee, na ine ndine Mutchaina," anatero mwamuna wina wa pambali panga, anthu n'kuseka. "Ngati mwakolewa, ba kulu, panja pali mphepo yabwino."

Manja anga anali atafumbata kale. Ndinamuyang'ana wondiseka uja, kenako ndinayang'ana TV. Mnyamata wa m'tepi, ine ndemwe wa masiku aja, anapitiriza kuyankhula, wosangalala, osadziwa kanthu, ndipo anthu onse anali kumbali yake. Ndinaonera filimu mpaka inatha. Nditatuluka sindinadikire minibasi. Ndinayenda wapansi kubwerera ku Kafue, m'mphepete mwa msewu wa ku Lusaka, malole akundidutsa.