Nyota zisanu za bambo anga

Bambo anga anamwalira ine ndisanayambe sukulu, ndipo chooneka ndi maso chimene anatisiyira chinali chithunzi chimodzi basi. Mayi ankachisunga pansi pa sutikesi kwathu ku Ndirande, chokulunga m'kansalu. Pachithunzipo bambo anaima njo, atavala yunifolomu ya khaki, chisoti chachitali kumutu, nyota za udindo m'mikono, mamendulo mbwee pachifuwa. Ndikafunsa, mayi ankangoti, "Ankagwira ntchito ya fodya ku Limbe," n'kuchibweza msanga. Ine ndinadziuza ndekha kuti mayi ndi munthu wosaphunzira, sakudziwa kuti anakwatiwa ndi msilikali wamkulu.

Nthawi ya Chitaganya ndinali kalaliki mu ofesi ina cha ku Mandala. Ndinali ndi matayi awiri, njinga imodzi ndi matama okwanira anthu asanu. Ndinkafunsira mtsikana wina, mphunzitsi, wa m'banja lakale la pamishoni. Agogo ake ankawerenga kale mabuku pamene agogo anga ankaoloka malire kuchokera kwa Apwitikizi, mtolo pamutu, kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi. Tsiku limene ndinakaonekera kwawo, atsibweni ake anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Kodi kwanu kwenikweni n'kuti? Nanga bambo anu ankachita chiyani?"

Funso loyambalo ndinalizemba ndi chifuwa chabodza. Lachiwirilo ndinaliyankha mokweza, kuti ndi amayi a kukhitchini omwe amve. "Anali sajeni. Anakamenya nkhondo kunja."

"Oho," anatero mkuluyo. "Kutsutsa galu n'kukumba. Ngati chithunzi chilipo, mubwere nacho Lamulungu tidzachione. Mwana wathu sitimupereka kwa munthu wosadziwika mbiri."

Chithunzicho ndinachiba mayi atapita kumsika. Sabata yonse ndinkachiunika ndi galasi lokulitsa zinthu limene bwana wathu ankaonera mapu. Ndinawerenga nyota: zisanu mkono uliwonse. Sajeni ndinkadziwa kuti amavala zitatu, ndiye ndinayamba kudziimba mlandu kuti bambo anga ndawachepetsa pamaso pa anthu. Chinatsala n'kudziwa dzina la udindowo kuti ndikalitchule m'Chingerezi. Mnzanga wina wa mu ofesi anandiuza za mkulu wina amene anakhala ku usilikali zaka zambiri, yemwe tsopano ankalondera pageti la shedi ya fodya ku Limbe.

Loweruka masana ndinapalasa njinga mpaka kumeneko, tayi ili pakhosi, thukuta kamukamu. Ndinapeza nkhalamba yowonda itakhala pabokosi. Nditapereka moni ndinati, "Agogo, ndabwera kuti mundiuze udindo wa bambo anga ku usilikali."

Nditawapatsa chithunzicho, anachigwira patali ndi maso. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ine mtima unadzaza, ndimvekere mkuluyu wazindikira bwana wake wakale, akulira. Ayi ndithu, ankaseka.

"A kalaliki, inu kusukulu munapita, eti? Taonani apa. Msilikali mendulo amavala kumanzere, kumtima. Awa avala konsekonse. Nyota zisanu ine sindinazionepo, ngakhale pa mzungu. Mabataniwa lililonse ndi kwawo, ili la jekete, ili la diresi. Nanga ndi msilikali wanji wovala nsapato zoyera zansalu? Mendulo yaikuluyi ndi chivundikiro cha chitini cha mkaka, koma anachisula bwino, ndawagomera."

"Ndiye anali ndani?" Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Abeni awa! Gule uja wa ng'oma ndi wenzulo, woguba motsanzira asilikali. Eni ake ndi Achawa, koma anyamata a m'fodya muno ankalowa onse, wa tchalitchi ndi wa mzikiti yemwe. Ndi nyota zimenezi, bambo anu ndiwo ankatsogolera gulu. Musagwe nkhope, mwana wanga. Anthu ankasiya malonda pamsika kukaonerera anthu otere."

Nkhope inagwa basi. Ndinabwerera ndili wokwiya, ndipo amene ndinawakwiyira anali bambo anga, munthu woti anagona kalekale, chifukwa chokana kukhala chimene ine ndinalengeza.

Lamulungu ndinapita kwa atsibweni aja chimanjamanja. Ndinawauza ndi nkhope yachisoni kuti chithunzi chija ndachipeza chitadyedwa ndi chiswe. Iwo anangoti "Pepani," koma diso lawo linanena zina. Za ukwati zinapitirira chifukwa mtsikanayo anaumirira yekha, ndipo ine ndinayesa kuti ndapulumuka.

Patapita masabata angapo, azakhali ake awiri anabwera ku Ndirande kudzadziwana ndi mayi. Ali mkati mocheza, mmodzi anati, "Tinamva chisoni ndi chithunzi cha a sajeni chija, chiswe n'choipa." Mayi anangowerama, n'kuwathiranso tiyi. Ine ndinali pakhomo, ndikulakalaka nthaka itang'ambika.

Alendo atapita, mayi anatambasula dzanja osandiyang'ana. Ndinakatenga chithunzicho m'thumba la jekete n'kuwapatsa.

"Bambo ako sabata yonse ankakhala chowerama kusankha fodya, kapitawo akuwatukwana," anatero. "Likafika Lamulungu masana, akavala izi, ankaima mowongoka, Limbe yense akuwayang'ana. Nyota zimenezi ndinasoka ndine, ndi nsalu ya thumba la ufa. Chithunzichi ndinkabisa poopa ansembe amene ankaletsa guleyu, osati pochita nawo manyazi. Iwe wawadyetsa chiswe."

"Amayi, pepani, ine ndimangofuna kuti anthu aja..."

"Ngati ukufuna bambo wa sajeni, kamufune kwina. Awa ndi amuna anga."

Sindinachionenso chithunzicho. Mayi atamwalira tinakhuthula sutikesi yonse, munalibe. Kaya anachipereka kwa abale awo, kaya anachiotcha, sindidziwa, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Adzukulu anga akandifunsa za agogo awo aakulu ndimawauza zoona tsopano, ndipo ndimatha kuwafotokozera batani lililonse, mendulo iliyonse ndi pamene inakhala. Koma wina akati, "Nanga nkhope yawo inali yotani?" ndimasowa chonena. Sabata yonse ija galasi langa silinakwereko kupitirira pakolala.