Kaseti Yothera Panjira

Mwamuna wanga Momchil ndi munthu wofatsa, woti ukamuponda phazi ndiye amayamba kupepesa. Koma musayerekeze kumudula nyimbo pakati. Pali chimbale chimodzi chimene wakhala akumvera chiyambire unyamata wake, cha gulu lina lakunja la anyamata atsitsi lalitali, oimba zija amati metal. Magitala amalira ngati chigayo, ng'oma zimasintha mayendedwe usanapeze poponda, ndipo nyimbo imodzi imatalika mpaka chitumbuwa chathu cha banitsa kupsa mu uvuni. Ine ndinkati ndi phokoso basi. Iye ankati ndi nkhani: nyimbo zonsezo n'zolumikizana, zikusimba za munthu wa m'migodi amene thanthwe lamutsekera pansi, ndipo ali mumdimamo akukumbukira moyo wake.

Lamlungu lililonse masana amakhala pampando wake, maso ali otseka, n'kumvera kuyambira poyambirira. Mwana wathu Nevena anabadwira m'phokoso limeneli, anakuliramo mpaka kukwatiwa.

Vuto linali lakuti kaseti yakeyo inali yojambulitsa. Masiku amenewo kuno ku Ruse, m'dziko la Bulgaria, zimbale zakunja sizinkapezeka m'sitolo. Munthu ankajambula kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina wogwira ntchito m'sitima za pa mtsinje wa Danube. Chimbalecho chinali chachitali kuposa kaseti, ndiye nkhani inkathera panjira. Wa m'migodi uja akangoyamba kumva kugogoda kuseri kwa thanthwe, kaseti inkaima. Momchil ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Lachezar, analumbirirana kuti mapeto ake adzamvera limodzi. Kenako malire atatseguka, Lachezar anapita ku Spain kukayendetsa malole.

Chaka chilichonse ankati akubwera, osabwera. Zimbale zinadzaza m'sitolo, kenako zinalowa m'mafoni, koma wangayu anakana kwamtuwagalu. Nevena anamugulira chimbale chathunthu. Anathokoza bwinobwino, n'kuchiika pamwamba pa kabati osachitsegula n'komwe. Ndinamuseka, ndinamunena, ndinatopa. Iye ankangoti mawu ndi mawu.

Ndiye makutu anayamba kutha. Munthu wakhala akumenya zitsulo moyo wake wonse kokonzera sitima, mumayembekezera chiyani? Dokotala anati lakumanzere lapita kale, lakumanja likutsatira. Lamlungu ankakweza wailesi mpaka am'nyumba yapansi kugogoda mapaipi. Apa nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha kuti khutu lidzatsekeka chimbale chikadali pakabati.

Ndinamuimbira foni Lachezar, Momchil atapita kumsika. Ndinamufotokozera zonse, ndipo munthuyo anaseka.

"Zaunyamata zija, mlamu? Ine ndinamvera kalekale, m'lole. Akadadikirabe?"

Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano, n'kudula foni. Ndinakwiya, kenako ndinalira, chifukwa ndinamumvera chisoni chitsiru changa chokhulupirikachi. Momchil atabwera ndi tsabola wake ndinangomuuza kuti Lachezar wamumasula, akuti amvere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kukaika tsabolayo kukhitchini.

Lamlungu lotsatira anameta ndevu, anavala malaya ake akuda aja amene pamimba samanganso, n'kutsitsa chimbale. Anakoka mpando wina nati ndikhale. Kanali koyamba kuti ndimvere zonse osathawira kukhitchini, ndipo ndivomere, penapake tsitsi linandinyamuka. Tinafika pogogoda paja. Momchil anagwira tebulo zolimba, poti apa ndi pamene dziko lake linkathera.

Ndiye magitala onse zii, ng'oma zii. Panatsala limba lokha, likulira pang'onopang'ono, ndi mawu a munthu mmodzi, otsika ngati akuimbira khanda. Abale, oimba aphokoso chonchija kukasankha kumaliza monong'ona!

Momchil anapendekera khutu lakumanja. Anakweza wailesi mpaka pothera. Anasendera pafupi, tsaya kutsala pang'ono kukhudza sipika.

"Yatha?" anafunsa.

"Ayi, ikuimba," ndinatero mokweza.

Nkhope yake inagwa. Sindinamuonepo ali choncho, ngakhale tsiku lija kwa dokotala.

"Ndiuze, Stoyanka. Watuluka?"

Ine Chingerezi ndinachionera kuti? Koma ndinatchera khutu kuposa mmene ndinamverapo chilichonse m'moyo wanga. Ndinayandikira khutu lake lamoyolo n'kumuuza kuti mawuwo sindikuwadziwa, koma munthuyo akuimba mopepuka, ngati watula katundu. Ndinamuuza kuti limba likukwera pang'ono, kuti tsopano kwabwera mawu achiwiri, a mkazi, ndipo akumuyankha.

"Mkazi? Ali pafupi kapena patali?"

"Pafupi. Akuimbira limodzi."

Anagwedeza mutu, misozi ikutsikira m'malaya. Anati ndisaleke, ndinene zonse. Ndinanena, mpaka limba linatsala lokha n'kuzimirira.

Nevena atamva anati atipezera mawu ake pafoni, omasuliridwa m'Chibugariya. Bambo ake anakana, nati ali naye kale womasulira. Mpaka lero nyimbo yomalizayo sanaimvepo ndi khutu lake. Amaidziwa momwe ine ndimamufotokozera Lamlungu lililonse, ndipo ndikadumpha kanthu amandikonza.